Malaya a Timoti

Chikwama cha Enelesi chinali chitamangidwa ndi kumasulidwa kambirimbiri mpaka zipi yake inayamba kuvuta. Chinkakhala kuseri kwa chitseko, chokonzekakonzeka. Mtedza umene anakazinga koyamba kuti ukhale kamba wa panjira anadya ana. Wachiwiri unakhalitsa mpaka kufewa. Wachitatu sanakazingenso. Anati adzayatsa moto akadzaona pepala ndi maso ake.

Ulendowo unali wopita ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, kukafuna mwamuna wake Timoti.

Timoti anali kalipentala. Kwawo kunali ku Mpama, koma ankakhala pachikamwini ku Milepa, kwawo kwa Enelesi. Atamva kuti ku Palma akumanga nyumba za antchito ndipo akufuna amisiri, ananyamula sowo ndi hamala yake n'kupita. Poyamba zinkayenda. Ankaimba foni Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi, ndipo malata a nyumba yawo anachokera m'thukuta lomwelo. Kenako zigawenga zinalowa m'tauniyo. Foni ya Timoti inazima tsiku limenelo, osayakanso. Mvula inagwa n'kusiya, inadzagwanso n'kusiya, kuli zii.

Amene anadzutsa nkhaniyi ndi bambo wina wa ku Phalombe, amene anabwerako kumeneko m'nyengo yokolola. Iyeyu anauza anthu pamsika wa Namitambo kuti pamsasa wina wa othawa nkhondo, kufupi ndi Pemba, anaona Mmalawi wotsimphina amene amakhoma mabenchi ndi zitseko ndi matabwa a mabokosi. Dzina sanafunse. Anangoti munthuyo salankhulalankhula, koma akamapala thabwa amaimba mluzu nyimbo za kwaya. Akalipentala oimba mluzu ndi ambiri padziko pano, ndipo Enelesi ankadziwa zimenezo. Koma kuyambira tsiku limenelo tulo take tinasintha.

Njira inapezeka kudzera mwa Che Asumani, mwini sitolo ya nsalu pa Namitambo, mnzake wa Timoti kuyambira paunyamata. Iwowa ankapikula zitenje ku Nampula, ndipo chaka chimenecho anthu a kumzikiti kwawo anali atasonkha zovala, ufa ndi nyemba zoti zikathandize othawa nkhondo. Lole inalipo, katundu analipo. Chosowa chinali chilolezo. Malinga ndi Che Asumani, pasipoti inkamufikitsa munthu ku Nampula, koma kuti lole ya alendo iwoloke mtsinje wa Lurio n'kulowa m'dera la nkhondolo, asilikali a pamsewu ankafuna pepala lina lonena kuti ndinu ndani, mukupita kwa yani, kukatani. Pepalalo ankalipempha kudzera mwa anzawo a mzikiti wa ku Nampula, ndipo dzina la Enelesi analiikapo monga mayi wokathandiza kugawa zovala za azimayi.

Lolemba lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Enelesi anakwera kabaza kupita ku Namitambo. Anapeza Che Asumani akuyeza nsalu.

"Alamu, mwabweranso? Nsapato zitha izi chilolezo chisanatuluke."

"Zikatha ndiyenda chosavala. Asilikaliwo amafunsanso nsapato?"

"Amenewo akafuna amafunsa ndi dzina la agogo ako lomwe." Anaseka pang'ono, kenako anapinda nsalu ija n'kuiika pambali. "Ndayankhula nawo dzulo. Akuti mapepala afika patebulo la bwana wosaina."

"Sabata yatha analinso patebulo."

"Linali tebulo lina, alamu. Ili ndi lalikulu."

"Ndiye mwati liti?"

"Akuti sabata ino, Mulungu akalola. Koma ine sindikulonjezani. Ndikalonjeza za m'thumba mwa munthu wina ndikhala wabodza."

Enelesi ankawakhulupirira Che Asumani chifukwa cha zimenezo. Anthu ena onse ankamuuza zinthu motsimikiza. Ena amati Timoti anafa tsiku loyamba lomwelo, ena amati ali moyo ndithu, aliyense kulankhula ngati analipo. Che Asumani okha ndi amene ankati sakudziwa.

Atabwerera kunyumba anaona njinga yachilendo itatsamira pamtengo wa mango. Pansi pa mtengowo, pampando umene anakhoma Timoti, panakhala a Pius, atsibweni ake a Timoti, mlongo wawo wa mayi ake. Kristina, mwana woyamba wa Enelesi, anali atawapatsa madzi n'kubwerera kuseri. Enelesi anagwada chapatali, nalonjerana nawo. Anafunsana za ku Mpama, za kutentha, za mbuzi imene inadwala. A Pius ankatembenuza chipewa chawo m'manja, ndipo Enelesi anadziwa kuti sanabwerere za mbuzi.

"Amake Kristina, andituma achemwali anga, apongozi anu."

"Ndamva, atsibweni."

"Sakudya bwino. Akuonda tikuona. Akuti mwana wawo akumawabwerera kutulo." Anaika chipewa chija pabondo. "Takhala pansi monga banja. Loweruka likubwerali tiika nthochi."

Enelesi anayang'ana pansi. Mwambowo ankaudziwa. Munthu akafera kutali, kapena madzi akamutenga osapezeka, abale ake samusiya choncho. Amadula thunthu la nthochi, kuliveka chovala cha munthuyo, kulikulunga mu nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwini wake. Akatero amalira, amameta, ndipo mkazi amamusudzula, kutanthauza kuti ukwati watha, ndi mfulu. Kuchokera pamenepo munthuyo amakhala wakufa, kaya akupuma kwinakwake kaya ayi. Enelesi anamvapo za bambo wina amene anabwera atamuikira kale nthochi. Ana ake omwe ankathawa akamuona, ndipo sanakhalitse pamudzi.

"Atsibweni, chilolezo chatsala pang'ono kutuluka."

"Chinatsala pang'ono pamene tinkakolola chimanga. Lero tikupeta nandolo." Sanalankhule mokalipa. "Ine sindikukutsutsani, amake Kristina. Mwayesetsa, aliyense akuona. Koma nawonso aja ndi munthu. Akuti akufuna alire mwana wawo maso akadaona, mvula isanayambe. Ndiwauze kuti adikire pepala la Apwitikizi?"

"Nanga akakhala kuti ali moyo?"

A Pius anavala chipewa, n'kuchivulanso. "Funso limenelo nanenso limandidya. Koma wotumidwa ndine. Chimene tikupempha kwa inu ndi chovala. Malaya amene ankawakonda. Mwambo umati abweretse ndi mkazi wake, ndi manja ake."

Atapita a Pius, Enelesi anakhala pakhonde nthawi yaitali. Analingalira zokana kupereka malayawo. Popanda chovala mwambo sukanatheka, kapena ukanatheka mwamanyazi, ndipo anthu akanati mkazi wa Timoti wanyoza akuchimuna. Komanso mwana anali wawo. Iye anamudziwa Timoti ali kale ndi ndevu, pamene Nabanda, mayi ake, anamudziwa asanakhale ndi dzina. Mtima wake sunkamulola kuwaona ngati adani. Chimene ankapempha chinali chimodzi, kuti pepala lifike Loweruka lisanakwane. Pepala lili m'manja akanatha kuima pamaso pa banja n'kunena kuti taonani, ndikunyamuka, dikirani ndibwere.

Lachiwiri kunali chete. Lachitatu anapita kumjigo, kumene azimayi anasiya kulankhula atamuona, kupatula mmodzi wosatha kusunga mawu, amene anati, "Koma amake Kristina, mukuvutikiranji? Amuna akapita uko amakwatira Amakuwa odzola zoyera kumaso aja. Mwina anzanu akudya bwino." Ena anamudzudzula ndi maso. Enelesi anangosenza ndowa yake.

Lachinayi masana foni inalira. Anali Che Asumani, ndipo mawu awo analibe nthabwala.

"Alamu, nkhani si yabwino. Kwachitikanso zina kumtunda uko. Akuti ayamba aimitsa kaye zilolezo zonse."

"Mpaka liti?"

"Palibe akudziwa. Mwina sabata, mwina mwezi. Mwina atiuza kuti chaka chino ayi."

Enelesi anatsamira khoma.

"Koma tamverani," anapitiriza Che Asumani. "Ife tagwirizana kuti lole inyamuka Lolemba basi. Ufa uja ukakhalitsa muno ulowa anankafumbwe. Tikadzera pa Muloza, tikafika ku Nampula, tikadikira kumeneko kwa anzathu. Likatseguka khomo tili pafupi. Likapanda kutseguka, katundu tikasiya m'manja mwawo, ife n'kubwerera. Malo anu alipo. Koma mudziwe kuti mutha kukafika pamtsinje n'kungoona tsidya ndi maso."

"Lolemba," anatero Enelesi.

"Lolemba m'mawa. Za Loweruka ndamva. Pepani, alamu."

Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Mkazi amene wangometa kumene sachoka pakhomo kupita dziko lina. Ndipo ngakhale akanachoka, akanati akukafuna ndani? Munthu amene wamuika m'manda ndi manja ake?

Lachisanu m'mawa anatsegula sutikesi ya Timoti. Anasankha malaya a kwaya, obiriwira, a kolala yoyera, amene Timoti sankalola kuti achapidwe pamwala. Anaika makala mu simbi n'kuwasita bwinobwino, manja, kolala, pakati pa mabatani. Kristina anaima pakhomo kumuyang'ana. Enelesi anawapinda, nawakulunga m'chitenje, nauza ana kuti adzabwere mawa ndi azakhali awo. Iye anatsogola.

Anafika ku Mpama dzuwa litapendeka. Nabanda anali pabwalo, atatambasula miyendo pamphasa, akupeta nandolo. Analidi ataonda. Mikono yawo inali ngati timitengo, koma lichero ankaligwira mwamphamvu. Anthu awiriwa sanakhalepo okondana kwenikweni. Nabanda ankafuna kuti mwana wawo akwatire pafupi, ndipo sanaiwale kuti Milepa inawalanda kalipentala wawo. Sanakanganepo, koma sanasekerepo limodzi.

Enelesi anagwada n'kupereka chitenje chija ndi manja awiri. Nabanda anachimasula, nayang'ana malayawo, nasisita kolala ndi chala. Kenako anawakulunganso n'kuwaika pamiyendo pawo.

"Mwasita," anatero.

"Sankavala osasita."

"Ndikudziwa. Anatengera bambo ake, kunyada." Anakankhira lichero lina kwa Enelesi. "Thandizeni. Anthu a mawa adzafuna ndiwo."

Anapeta limodzi kwa kanthawi, mankhusu akuuluka kupita kunthochi za kuseri kwa nyumba. Nthochi zambiri m'mudzimo zinali zitatha ndi matenda a chisaka, koma phata limodzi la Nabanda linatsala, ndipo ankalisamala ngati mwana.

"Mukundiona ngati mfiti," anatero Nabanda mwadzidzidzi, osamuyang'ana.

"Ayi, amayi."

"Mukundiona choncho. Mayi wotani wofulumira kukwirira mwana wake. Koma inu simumuona mmene ndimamuonera ine. Amabwera n'kuima pakhomo apo. Ndikati lowa, amangondiyang'ana. Fumbi lili mbuu kumapazi. Munthu wopanda manda ndi choncho, alibe kolowa. Ndiye ine ndizidya, mwana wanga ataima panja?"

Enelesi anasankha timiyala mu nandolo. "Mwina amaima chifukwa akudikira womutenga."

"Womutenga ndinu? Ndi pepala lanu losatuluka lija?"

"Pepala aimitsa, amayi. Sindikubisirani. Andiuza dzulo."

Nabanda anasiya kupeta. Ankayembekezera kuti mpongozi wawo anena kuti latsala pang'ono, monga ankanenera nthawi zonse.

"Ndiye basi," anatero. "Nkhani yatha."

"Lole ikunyamukabe Lolemba. Akadikira ku Nampula. Mwina adzawalola kuwoloka, mwina ayi."

"Pepala, pepala. Agogo anga anachoka kumeneko wapansi, mwana kumsana, mphika pamutu, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Palibe anawafunsa pepala. Lero kubwerera komweko mpaka asaine bwana." Anapukusa mutu. "Nanga mukakapeza kuti anakwatira? Anthu akunena."

"Ndamva akunena. Ngati anakwatira, ndikamuone ali ndi mkazi wakeyo, ndikamutukwane pamaso pa anthu, ndibwere ndidzakuuzeni. Wokwatira ndi wamoyo, amayi."

Nabanda anatulutsa kamawu kena pamphuno, kokhala ngati kuseka. Anayambanso kupeta.

Patapita nthawi Enelesi anati, "Ndili ndi pempho. Che Asumani akuti anthu a kumeneko amalankhula Chimakuwa, ndipo wodziwa Chilomwe amamvana nawo. Ine sindichidziwa. Ndimafuna mundiphunzitse mawu angapo."

"Inu a ku Milepa munachitaya Chilomwe, mumati ndi cha akumidzi osaphunzira. Lero mukuchifuna?"

"Lero ndikuchifuna."

"Mukachigwiritsa ntchito kuti? Mawa tikumeta."

"Ndingochidziwa basi. Ndinakonzekera zonse, chatsala chimenechi. Ndisadzati pali chimene ndinasiya."

Nabanda anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba. Kenako anaika lichero pansi. Anayamba ndi moni wa m'mawa. Enelesi anabwereza, Nabanda n'kugwira pamutu. "Lilime lanu ndi lolemera ngati la ng'ombe. Mukatero akakuyesani kazitape. Bwerezani." Anabwereza. Anamuphunzitsa kupempha madzi, kufunsa njira, kunena kuti ndachokera ku Malawi, sindine munthu woipa. Enelesi ankalakwitsa, Nabanda ankakalipa, ndipo nthawi ina onse awiri anaseka, aliyense n'kudabwa ndi kuseka kwa mnzake.

"Tsopano chachikulu," anatero Enelesi. "Ndikufuna mwamuna wanga, ndi kalipentala, dzina lake Timoti."

Nabanda ananena mawuwo pang'onopang'ono, Enelesi akutsatira, mpaka anawagwira. Atatero, Nabanda ananenanso mawu ena ofanana nawo, koma motsitsa, osayang'ana Enelesi, maso ali kumsewu.

"Amenewo ndiye akuti chiyani, amayi?"

Nabanda anayang'ana pamiyendo pawo. Manja awo anali pachitenje chija.

"Akuti, ndikufuna mwana wanga." Anasisita chitenjecho. "Chichokereni iye, palibe amene ndinamufunsapo zimenezi. Ndikanafunsa ndani? Aliyense amangoti pepani."

Anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango, nanyamula lichero n'kuimirira movutikira. "Koma za mawa ndi za mawa. Ndinanena kale, anthu aitanidwa. Kaikeni nandoloyu m'nyumba."

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo. Anthu sanachuluke monga pamaliro enieni, koma analipo ndithu: abale a ku Mpama, a ku Milepa amene anaperekeza ana, ndi azimayi ochepa a kwaya amene anakhala pakhonde osadziwa ngati ayambe kuimba kapena adikire. Mitsuko ya thobwa inali pamthunzi. Adzukulu, anyamata okumba manda, anakhala pansi pa mtengo ndi makasu awo. Sanayambe kukumba, chifukwa manda a nthochi amayezera pathunthu, ndipo dzenje lokumba kale silisiyidwa lopanda kanthu. Mkulu wawo, Mikaele, anali atadula kale bango loyezera.

Enelesi anakhala pamphasa pakati pa azimayi, Kristina atamutsamira. Anali atavala mpango wakuda. M'mutu mwake mawu a dzulo aja ankangobwerezabwereza okha, ndipo ankachita nawo manyazi, ngati munthu wonong'ona m'tchalitchi.

A Pius anaimirira, chikwanje chili m'manja, nalankhula mwachidule. Anati aliyense akudziwa chimene asonkhanira, ndipo palibe amene wakondwa nacho. Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, wobereka ndinu. Tilozereni."

Pakuti pabanja limenelo wosankha thunthu amakhala mayi, ndipo chimene waloza mayi sichisinthidwa.

Nabanda anaimirira ndi ndodo yawo, anthu n'kuwatsatira kuseri kwa nyumba. Paphatapo panali mitengo ingapo. Umodzi unali utabereka kale, mkoko wake unadulidwa, masamba akuyamba kuuma. Aliyense ankadziwa kuti ndi umenewo, pakuti nthochi ikabereka ntchito yake yatha, imangodikira chikwanje. Ina inali ing'onoing'ono. Ndipo panali umodzi wonenepa, wobiriwira, umene unali utangotulutsa kumene duwa lake lofiirira, tinthochi tili ngati zala za khanda.

Nabanda anafika pa wobereka kale uja, naugwira, naugogoda ndi ndodo. A Pius anasendera pafupi, akukonza chikwanje. Koma Nabanda anapitirira. Anakaika dzanja pa wa duwa uja.

"Uwu."

Anthu anayang'anana.

"Achemwali," anatero a Pius motsitsa, "imeneyo yangotulutsa kumene."

"Ndili ndi maso. Wati ndiloze, ndaloza."

A Pius anakanda m'mutu. "Ndiye tidule?"

"Udule nthochi ili ndi ana ake? Iwe Pius, unaziona kuti zimenezo? Anakulera ndani?"

"Ndiye lozani iyi yabereka kaleyi. Ingowola apa."

"Mwana wanga ndimuike m'chinthu choyamba kuwola? Timoti anachoka pano ali wonenepa, ali ndi ana aang'ono. Wofanana naye ndi uwu. Ndaloza, ndatha." Anatembenukira kwa anthu onse, nakweza mawu. "Mkoko ukakhwima tidzadula mkoko, thunthu tidzapita nalo kumanda. Sindinasinthe mawu anga. Koma chakudya sititaya pamudzi pano."

Aliyense pamenepo anali mlimi, ndipo aliyense ankawerengera miyezi mumtima. Mikaele ndiye analankhula mokweza. "Agogo, imeneyotu mpaka chimanga chitamasula ngayaye."

"Ukuthamangira kuti? Uli ndi maliro ena?"

"Ayi, koma nanga makasu tanyamulawa?"

"Munda wanga uli apo, mizere sinathe. Mukamaliza mudzamwe thobwa, lisawonongeke."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Kenako anaseka angapo. A Pius anayang'ana mlongo wawo, nayang'ana Enelesi, natsitsa chikwanje. Nkhope yawo inali ya munthu amene watula katundu amene sanafune kusenza. "Mwamva nonse," anatero. "Wobereka waloza. Tidikira nthochi."

Enelesi sanaseke nawo. Anakhala pansi pomwepo pamasamba ouma. Kristina ankamugwedeza paphewa kufunsa kuti chachitika ndi chiyani, koma iye anangomukumbatira.

Anthu atabalalika, ena kumunda, ena kuthobwa, Nabanda anamuitanira m'nyumba. Anatenga chitenje chija pamutu pa bedi n'kuchiika m'manja mwake.

"Amayi, chilolezo sichinatuluketu," anatero Enelesi. "Mwina akandibweza pamtsinje."

"Ndinamva dzulo, sindine gonthi. Kadikireni komweko, pafupi ndi mtsinjewo. Kudikira kwa kuno ndi kwanga." Anakanikiza chitenjecho ndi dzanja. "Mukakamupeza, mukamuveke. Asabwere kuno ndi nsanza, anthu angamuseke. Mukakapanda kumupeza, mubwere nawo malayawa mkoko usanapse. Ndidzawafuna. Ndipo tsiku limenelo simudzandiletsa."

"Sindidzakuletsani."

"Tanenani aja ndinakuphunzitsani."

Enelesi ananena.

"Lilime la ng'ombe," anatero Nabanda. "Koma akamva. Mukatha anuwo, mukanenenso anga aja. Mukati akufunsa ndi mayi ake."

Masana Enelesi anatsanzika, pakuti kunali mtedza woti akazinge ndi ana oti awasiye m'manja mwa azakhali awo lisanafike Lolemba. Wakabaza atafika, anakhala kumbuyo, chitenje chija atachifungatira pamimba. Potuluka pabwalo anacheuka. A Pius anali atabwera ndi mtengo wa mphanda umene anadula ndi chikwanje chomwe chija, ndipo ankauzika pansi pa nthochi ya duwa ija kuti mkoko ukadzalemera, kapena mphepo ya mvula yoyamba ikadzaomba, thunthu lisagwe. Nabanda anaima pambali ndi ndodo yawo, akuwakalipira kuti auzika mopendama.